A Kwenda Anatsalira M'minibasi

Mumandiseka inu, ndikudziwa. Ndimakuonani mukutsinana ndikatsegula chitseko pa depoti, anthu onse atatsika, ine n'kumauzabe mipando kuti, "Tafika, amene mwatsala tsikani." Wina mpaka anafalitsa kuti Lameki mutu unasokonekera ndi kachasu. Kachasu wake uti, munthu ndinasiya kalekale? Sendezani chikuni icho moto ungazime, ndikuuzeni pamene zinayambira, kuti mukamaseka muziseka mukudziwa.

Nthawi imeneyo ndinali kondakitala wa Che Bwanali, njira ya Lumbadzi kubwera m'tauni muno mu Lilongwe. Che Bwanali ndi Myao wa ku Mangochi, dalaivala wosalankhulalankhula, wodana ndi zinthu ziwiri: wayilesi m'galimoto ndi nkhani za mizimu. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kolowa mpaka m'mafupa. Nkhungu inali mbuu, moti magetsi a galimoto ankangothera pafupi pomwepa.

Ulendo woyamba, kusanayere bwino, pa siteji ya Lumbadzi tinapeza mayi wina wachikulire ndithu. Anavala chitenje chatsopano chosalawa madzi, dzanja lina atanyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere, dzanja lina chipewa cha bambo, cha khaki, chakutha m'mphepete. Nditatsegula chitseko sanakwere. Anapatuka pambali, ngati mmene amachitira munthu popatsa njira wamkulu.

"Akwenda, kwerani," anatero motsitsa mawu. "Iyi ndi yopita ku Lilongwe."

Ndinasuzumira kumbuyo kwawo. Kunali nkhungu ndi galu wina akununkhiza zinyalala.

Mayiwo anadikira pang'ono, kenaka anakwera n'kukhala mpando wa kumbuyo kwa dalaivala. Malo a pawindo anawasiya, n'kuikapo chipewa chija bwinobwino.

"Amayi, senderani uko," ndinatero. "Muno timakhala anayi anayi."

"Pali munthu apa, bambo. Malo ake ndilipira."

Ine kondakitala sindikangana ndi munthu wolipira, ngakhale atakweza mphepo. Koma pakamwa panga mumapadziwa, sipatsekeka. Tisanafike pa Kanengo ndinali nditawafunsa kale kuti munthu wakeyo ndi uti.

Sanakwiye. Anati iwo ndi Nambewe, ochokera mudzi wina kuseri kwa Lumbadzi, ndipo chipewacho ndi cha amuna awo, a Kwenda, mlimi wa fodya amene anamwalira dzinja la chaka chatha. Mwana wawo wamkazi, Zione, ankalandira digiri tsiku limenelo ku yunivesite ija ili kunja kwa tauni, mbali ya kum'mwera.

"Mwana ameneyu ababa ake ankamukweza pa njinga kumuwolotsa dambo kupita kupulayimale," anatero Nambewe. "Tsiku limene anasankhidwa kupita kusekondale, anaimba likhweru mpaka ng'ombe za eni ake kubalalika kudambo. Likhweru lawo linali lotchuka, la zala ziwiri m'kamwa. Ndiye ali gone pa mphasa, matenda atawakula, anandigwira dzanja. Akuti, 'Nambewe, tsiku la mwanayo usadzandisiye. Akadzatchula dzina lake ndidzaimbeko kamodzi kokha.'"

Anthu onse m'minibasi anatchera khutu. Ngakhale anyamata awiri akumbuyo amene ankakangana za mpira anasiya.

"Ndiye dzulo madzulo ndinapita kukaima m'mphepete mwa manda, pamene timalekezera amayi, n'kuwaitana. Koma amalume awo andichenjeza. Akuti munthu wotere ukamutenga uzimuuza chilichonse. Pokwera umuuze, powoloka madzi umuuze, potsika umuuze. Iwo saona njira ngati ife, amatsata mawu a amene wawatenga. Ukangomusiya panjira ndiye kuti wasochera. Kumene amapita safika, kwawonso sabwerera."

Che Bwanali anayang'ana pa galasi, n'kutsokomola. Ine ndinaseka chamumtima, koma chisoni chinandigwiranso. Mayiwo ankalankhula ngati munthu amene akuperekeza wodwala kuchipatala.

Titayandikira mlatho wa Lingadzi, Nambewe anawerama kumbali ya chipewa. "Akwenda, tikuwoloka Lingadzi." Pa mlatho wa Lilongwe anateronso. Galimoto inkayenda myaa, yopepuka, ngati si ija tinkachita kukankha m'mawa uliwonse.

Tsoka linagwa pa depoti. Nambewe tauni sankaidziwa, ndipo anachita chimene munthu wa m'tauni sachita. Phazi lisanaponde pansi anafunsa mokweza kuti, "Kodi yopita ku yunivesite amakwerera pati?" Oitanira anamva. Mumawadziwa anyamata athu aja. Anabwera ngati nkhuku zaona chimanga, wina kukoka mkono, wina kukoka chitenje, wachitatu anangotsomphola chikwama n'kuyamba kuthamanga nacho kupita kutsidya kwa depoti. Amatero kuti mwini katundu awatsatire, akakwere yawo. M'chikwamamo munali zonse: nkhuku yootcha, mtedza, nsalu yoti akamufunditse mwana. Nambewe anathamangira chikwama chake akukuwa, n'kumira m'chigulu cha anthu.

Ndinayang'ana pampando paja, chipewa panalibe. Ndinati basi, atenga. Mutu wanga unali kale pa ulendo wobwerera.

Choyamba chinali chitseko. Titadzaza anthu, ndinachikoka kuti nditseke, chinakana. Ndinakokanso, chinangofika pakati n'kuima, ngati pali phazi la munthu. Ndinayang'ana m'njanji yake, munalibe mwala kapena kanthu. Ndinachita kuchimenya ndi phewa.

Kenaka mpando uja. Panakhala mnyamata wina wa tayi, wopita kuntchito ku Kanengo. Sitinatuluke n'komwe m'depoti, anadzuka.

"Akondakitala, mwathira madzi pampandopa?"

Ndinagwirapo. Panali pouma, koma pozizira ngati mwala wa kumtsinje. Mnyamatayo anasankha kukapanikizana kumbuyo. Mayi wina wonenepa, wogulitsa kaunjika, amene anakhala mpando womwewo, anangopitiriza kudzipinda, kusiya malo a pawindo. Nditamuuza kuti atakasuke, malo alipo, anandiyang'ana modabwa.

"Ndikhalire munthu?" Atatero anatembenuka kuyang'ana pawindopo. Pambuyo pake anati, "Ndimayesa pali bambo."

Pofika pakamwa pa mlatho wa Lilongwe injini inazima. Che Bwanali analiza, inangokhosomola. Magalimoto kumbuyo anayamba kuliza mahutala, apolisi akutiyang'ana. Ndinaitana anyamata ogulitsa malonda pamlathopo kuti tikankhe. Tinali amuna okhaokha amphamvu zathu, koma galimoto inkalemera ngati tanyamula matumba a simenti. Tinaiwolotsa mokakamiza, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Itangoponda tsidya linalo, inalira yokha.

Titadutsa m'tauni ndi pamene kugogoda kunayamba. Mukudziwa mmene wokwera amagogodera pawindo akafuna kutsika. Go, go, go. Ndinamenya chitseko, Che Bwanali anaima.

"Otsika?"

Anthu anangoyang'anizana. Tinanyamuka. Patsogolo pang'ono, go, go, go. Tinaimanso, wotsika panalibe. Kachitatu Che Bwanali anatembenuka, nkhope itasintha.

"Amene akusewera ndi ntchito yangayo atsike pompano."

Mayi wa kaunjika anali atayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ndipo pansi pa phokoso la injini ndinayamba kumva kamawu kena, kakang'ono, ngati mphepo ikulowa pa mng'alu wa windo. Ndinatseka mawindo onse. Kamawuko sikanasiye. Kanali ngati munthu akuyesa kuimba likhweru koma mpweya ukumuperewera.

Kugogoda kutabweranso, ndinayang'ana kunja kuti ndione kuti tili pati. Tinali pa geti ya sukulu ina, ana a yunifolomu akulowa. Ndinakumbukira poyamba paja: panalinso sukulu ya pulayimale. Pachiwiri paja, sukulu ya mkaka yokhala ndi zithunzi pakhoma. Pachitatu, sekondale. Munthuyu, kaya ndinene kuti chiyani, ankagogoda pa sukulu iliyonse imene tinkadutsa.

Ukakhala ndi Che Bwanali umaphunzira kumeza mawu.

Pa mlatho wa Lingadzi galimoto inazimanso, ndipo ulendo uno inaziziriratu. Kiyi ankangotembenuka popanda ngakhale kukhosomola. Anthu anatsika akutukwana, ena osatukwana koma akufulumira kwambiri. Ndinawakweza minibasi ina ya mnzathu. Mayi wa kaunjika potsika anandigwira mkono. "Achimwene, bambo amenewo sakupita kuno ayi," anatero, n'kumapita osacheuka.

Tinatsala awiri m'mphepete mwa msewu, nkhungu ikukwera kuchokera mumtsinje. Che Bwanali anapinda mpando wake kuti ayang'ane injini. Ine ndinalowa m'kati kuti nditenge sipanala, n'kuima pakhomo.

Chipewa chinali pampando wa pawindo. Chinakhala bwinobwino, kutsogolo kwake kutaloza kumene tinkachokera. Mwina chinagwera pansi pa mpando pa chipwirikiti cha pa depoti chija, ndivomera. Koma amene anachitola n'kuchikhazika pamenepo sindinamuone. Ndinachinyamula. Kunja kwake kunali kozizira, koma m'kati munali mofunda, ngati changovulidwa kumene pamutu.

Ndinachibwezera pomwepo ndi manja awiri.

"Che Bwanali," ndinatero, "injiniyo isiyeni. Mayi aja sanawauze amuna awo kuti atsike."

Sanadzutse mutu.

"Tawawolotsa Lilongwe osawauza. Pano tikufuna tiwawolotsenso Lingadzi, kubwerera nawo kumene achokera, mwana wawo asanamuone. Njira yonseyi akhala akugogoda pa masukulu. Akufuna sukulu ya mwana wawo, koma sakuidziwa."

"Lameki, ine zimenezo sindikhulupirira. Wakufa ali m'manja mwa Mulungu, sakwera minibasi."

"Ndamva. Koma bwerani mugwire chipewachi."

Sanabwere. Anaima nthawi yaitali akupukuta manja ndi kansanza, akuyang'ana madzi. Ndinkadziwa zimene ankaganiza: njira ya kum'mwera si yathu, apolisi a pamsewu, mwini galimoto. Kenaka analankhula ngati akudziuza yekha.

"Bambo anga anamwalira ine ndili ku Joni. Ngakhale laisensi yanga sanaione." Anabwezera mpando, n'kukhalapo. "Mayi aja anati mwambo uyamba nthawi yanji?"

"Anati dzuwa likakwera."

"Ndiye uwauze anthu akowo kuti tikutembenuka. Ine sindilankhula nawo."

Ndinagwada pakhomo la minibasi, ine Lameki, munthu woti ngakhale kwa apongozi ndimagwada mokakamizidwa. "Akwenda, pepani. Ife ndife a galimoto. Tikubwerera, tikuperekezeni kusukulu kwa Zione."

Che Bwanali anatembenuza kiyi. Injini inalira kamodzi.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Minibasi yopanda anthu, oima m'masiteji akutikodola ndi zala, ife osaima. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko, ndikuchita ntchito ya Nambewe. "Akwenda, ino ndi tauni. Akwenda, iyo ndi sukulu koma si imeneyi, musagogode. Akwenda, tikuwoloka Lilongwe." Pa timilatho ting'onoting'ono ta kunja kwa tauni, timitsinje tosadziwika maina, ndinkangoti, "Madzi ena awa, tikuwoloka." Nthawi ina ndinali nditatembenukira kwina, ndinamva Che Bwanali akunena motsitsa, maso ali pamsewu, "Kamtsinje kena aka, bambo." Sindinawayang'ane, ndipo mpaka lero sitinakambiranepo.

Kugogoda kunasiya. Kamawu kaja kokha ndi kamene kankamveka, ndipo tikamayandikira kankakulirakulira.

Pa geti ya yunivesite panali anthu ngati pamsika. Magalimoto mbali zonse, ojambula zithunzi, ogulitsa maluwa a pulasitiki. Kuchokera m'kati masipika ankamveka, munthu akuwerenga maina, anthu akuwomba m'manja. Ndinati tachedwa, ndipo mayi aja tiwapeza bwanji m'khamu lonseli?

Koma sanali m'kati. Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande kunja kwa geti, chikwama chili pambali, chitenje chatsopano chija chili fumbi lokhalokha. Mayi wina wogulitsa maluwa anasiya malonda ake n'kuwagwira phewa. Atandiona, wamaluwayo anayamba kundifotokozera ngati ndine wachibale.

"Afika kalekale agogowa, koma akukana kulowa. Mlonda wawachonderera, ine ndawachonderera. Akuti asiya amuna awo m'minibasi. Amafuna abwerere ku depoti, ndawaletsa. Ndati mukaidziwa bwanji, poti zonse ndi zoyera?"

Nambewe anadzutsa nkhope. Maso anali atatupa. Sanandizindikire msanga.

"Ndinakumbukira titatuluka kale m'tauni," anatero. "Ndinati ndiwauze kuti tikuwoloka, kupapasa pambali palibe chipewa. Zaka zonsezi sindinawasiyepo, bambo, ngakhale kuchipatala ndinkagona pansi pa bedi lawo. Lero ndawataya chifukwa cha nkhuku ndi mtedza. Ndilowe ndekha, ndikamuuza chiyani mwana?"

"Amayi," ndinatero, "dzukani. Tabwera nawo."

Anayang'ana kumbuyo kwanga, n'kuona minibasi, chitseko chili chotsegula, chipewa chili pampando. Sanakuwe. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kukutumula fumbi pachitenje, n'kumanganso mpango bwinobwino, ngati mkazi amene akukalandira mwamuna wake wochokera kuulendo.

Ndinali nditayesa kale ine titangoima, kunena kuti tafika, tsikani. Palibe chinachitika. Ine ndinali woperekeza chabe, wowatenga anali wina.

Nambewe anagwada pakhomo pa minibasi. "Akwenda, ndine Nambewe. Pepani, ndinakusiyani. Anandisokoneza anyamata aja." "Tafika kusukulu kwa mwana. Tsikani."

Zimene ndinaona ndi izi, ndipo sindiwonjezera. Minibasi inapendekera pang'ono mbali ya chitseko, kenaka inadzuka, ngati mmene imachitira munthu wamkulu akatsika. Che Bwanali anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Nambewe anapatuka kupereka njira, n'kutenga chipewa.

Masipika anali akutchulabe maina. Ankatsata zilembo, ndipo ndinamva akuti Kachingwe, kenaka Kalua.

"Amayi, fulumirani, afika kale pa maina oyandikira," ndinatero, n'kusenza chikwama chawo.

"Sangathamange," anayankha. "Mwendo wawo wamanzere unkavuta."

Ndiye tinayenda choncho. Mlonda anatitsegulira osafunsa kanthu. Kuchokera pa geti kukafika pabwalo la mwambo ndi kamtunda ndithu, msewu wa mitengo mbali zonse. Nambewe ankayenda pang'onopang'ono, chipewa atachigwira pachifuwa, kutsogolo kwake atasiya mpata wa munthu mmodzi. Ankanena njira yonse. "Apa pali sitepe. Apa tikhotera kumanja. Nyumba zimenezi ndi zimene ankaphunziriramo." Ine kumbuyo ndinkangoluma mano, ndikumva maina akutha. Kamanga. Kapito. Khonje. Ndinkafuna kuwanyamula onse awiri, koma winayo ndikanamugwira pati?

Malo anali atadzaza. Makolo anasefukira kunja kwa matenti, ena ataima pa mipando. Tinangofika kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa anthu onse, pamene munthu amaona nsanja ngati kabokosi ka machesi. Dzina la Kumwenda linadutsa. Nambewe anaima, akupuma movutika.

"Akwenda, ndi pano. Uyo ali pamasitepeyo, wamfupiyo. Mwamuona?"

Sipika inati, "Zione Kwenda."

Nambewe anatsegula pakamwa kuti alulutire, koma mawu sanatuluke. Anangogwira pakamwa ndi dzanja, misozi ikutsika. Manja anga onse awiri anali pa chikwama. Pafupi nafe panalibe mwamuna wina, koma amayi okhaokha ndi ana.

Likhweru linalira pakati pa ine ndi Nambewe. Lalitali, lakuthwa, la zala ziwiri m'kamwa, lija loitanira ng'ombe kutsidya kwa dambo. Linadutsa pamwamba pa matenti onse, mbalame zinauluka m'mitengo, anthu anatembenuka kufuna mwini wake. Khutu langa lamanzere linakhala likulira mpaka madzulo.

Kutsogolo kuja, mtsikana wa gauni anali atatambasula kale dzanja kuti alandire. Anaima. Dzanja linatsala m'malere. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kumbuyo kwenikweni kumene tinali. Nambewe anakweza chipewa m'mwamba. Patali ponsepo sindikanamva mawu, koma pakamwa pake ndinapaona, ndipo mawu amene ananenawo ngakhale mwana wakhanda amawadziwa: ababa. Akuluakulu a pansanja anadikira, osamufulumizitsa.

Ndinalira, anzanga. Ndinalira ndi chikwama cha eni ake pamutu, ndipo sindichita nazo manyazi.

Tsiku limenelo sitinagwirenso ntchito. Che Bwanali anati galimoto siichoka pa geti mpaka anthu ake atuluke, poti munthu amene wabwera naye umabwerera naye. Dzuwa litapendeka anatulukira, mayi ndi mwana, mwanayo atafunda nsalu ija pamwamba pa gauni. Chipewa chinali m'manja mwa Zione. Nditatsegula chitseko, Nambewe anafuna kulankhula, koma mwanayo anawagwira mkono.

"Amayi, mwatopa. Pobwerera ndiwauza ndine."

Anapatuka pambali, mtsikana wa digiri yake, n'kugwada pafumbi ndi gauni yomwe.

"Ababa, zatha. Kwerani, tizipita kunyumba."

Minibasi inapendekera pang'ono mbali ya chitseko. Ine ndinadikira kuti akhazikike, kenaka ndinatseka.